Amayi Akatsogola, Abambo Amacheza ndi Ndani?

Sendezani wailesi pafupi, chifukwa nkhani ya lero ndi yofunika kuimva modekha.

Lero tikambirana za munthu amene timamuona tsiku ndi tsiku koma sitimulabadira kwenikweni: bambo wachikulire amene akazi ake anamwalira. Za amayi amasiye timakamba kawirikawiri, ndipo n'koyenera kutero, pakuti mavuto awo ndi aakulu. Ali ndi tsiku lawo lowakumbukira padziko lonse, pa 23 June. Koma nkhalamba yaimuna yotsala yokha timangoidutsa ili chikhalire pampando wandalema, n'kumati, "Agogo aja ndi olimba mtima, sanagwetse msozi ngakhale umodzi." Kodi ndi olimbadi, kapena kungoti palibe amene anawafunsa?

Tiyamba ndi zochitika pasiwa. Kenako tiona moyo wa bamboyu anthu akabalalika. Tikatero tilowa m'madandaulo amene amamudya mumtima, aja oyamba ndi mawu akuti "ndikanadziwa". Ndipo nthawi yambiri tiithera pa ubale wa bamboyo ndi ana ake, chifukwa m'pamene pagona nkhani.

Nonse munapitako kumaliro. Amayi amakhala m'nyumba pafupi ndi thupi, kuimba ndi kulira mokweza, wina atagwira mnzake paphewa. Abambo amakhala panja mozungulira moto, kukambirana za bokosi, za adzukulu okumba manda, za galimoto, za ndiwo za anthu ochokera kutali. Mwini mkazi amamukhazika pakati pa amuna anzake. Aliyense wobwera amamugwira dzanja: "Pepani bambo. Limbani mtima. Ndi njira ya tonse." Iye amangogwedeza mutu. Wina abwera kudzamunong'oneza kuti ufa watha, wina kuti akuchikazi akufuna kuonana naye kuseri. Pofika nthawi yoika maliro, munthu uja wayankha mafunso a mudzi wonse, koma sanapeze mpata wolira mkazi amene wakhala naye zaka 40 kapena 50.

Timati maliro n'kulirana. Koma ndife tomwe tinamuphunzitsa mwana wamwamuna, akadali kamnyamata koweta mbuzi, kuti mwamuna salira. Ndiye pamaliro a mkazi wake aliyense amalira, kupatula iyeyo.

(Nyimbo yofatsa, pang'ono)

Tsopano mwambo wa kumeta wachitika. Mipando yobwereka yabwezedwa kutchalitchi. Ana abwerera kuntchito, wina ku Lilongwe, wina ku Blantyre, wina ku Joni. Maliro enieni a bambo uja amayambira apa.

Taganizani m'mawa woyamba. Wadzuka, wakhala pakhonde monga mwa masiku onse, akudikira madzi osamba. Madziwo sakubwera. Walowa kukhitchini kumene sanapondeko zaka zambiri. Machesi sakudziwa pamene amakhala. Kachitini kamene akuyesa n'ka shuga muli mchere. Kabuku kake ka kuchipatala kali m'chikwama cha mayi, pamodzi ndi mapilitsi a BP amene ankamwa chifukwa choti usiku uliwonse wina ankamuikira m'manja, kapu ya madzi ili pambali. Tsiku lokatenga mankhwala ena ankalisunga pamtima ndi mayi. Matumba a chimanga otsala, ngongole ya kubanki m'khonde, dzina la mdzukulu wobadwa chaka chatha, zonsezi ankadziwa ndi mayi.

Motero nsima imayamba kudumphidwa. Tiyi ndi mbatata m'mawa, tiyi ndi mbatata madzulo. Ena amasamukira kumowa, osati chifukwa cha ludzu, koma chifukwa kumeneko kuli anthu olankhula nawo.

Izi si zongoganizira. Mu 1969, dokotala wina wa ku Britain, Colin Murray Parkes, pamodzi ndi anzake awiri anafalitsa kafukufuku wokhudza amuna masauzande angapo azaka 55 kupita m'tsogolo amene akazi awo anamwalira. Anapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, amuna oferedwawa ankamwalira ochuluka kuposa anzawo amsinkhu womwewo amene akazi awo anali moyo, ndipo ambiri ankapita ndi matenda a mtima. Pambuyo pake chiopsezocho chinkatsika. Ndiye mukamva anthu akuti "agogo aja angowatsatira akazi awo", dziwani kuti si nkhambakamwa. Miyezi yoyambirira ndiyo yoopsa, ndipo ndi miyezi yomweyo imene achibale timakhala tabwerera ku zochita zathu.

Kwa ambiri a ife m'chigawo chapakati ndi chakummwera, pali chinanso chowonjezera. Pakati pa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, amuna ambiri amakakhala kwa akazi awo, pachikamwini. Ana ndi a mbumba ya kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume wawo. Mkazi akamwalira, ankhoswe amakhala pansi kuti amusudzule mwamunayo, kumumasula kuti akhoza kubwerera kwawo kapena kukwatiranso. Mwambowu uli ndi nzeru yake, pakuti umamasula munthu poyera, pasatsale zokayikitsa. Ndipo mabanja ambiri amamuuza mkuluyo kuti, "Khalani pompano, ana anu ndi awa." Koma si onse. Alipo amene amayamba kumuonetsa nkhope, kumulanda dimba, kumukumbutsa kuti ndi wobwera. Munthu anaumba njerwa pamudzipo, anakhoma malata, mango amene ana akudya anabzala ndi iye, lero akuuzidwa kuti kwanu ndi uko. Kwawo kwakeko makolo anatha kalekale, ndipo minda anagawana ana a alongo ake. Kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, kumene mkazi ndiye amatsata mwamuna, vuto lotere limagwera kwambiri amayi.

Dziwani kuti lamulo la dziko lino la chuma chamasiye, la mu 2011, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wamasiye ndi mlandu. Lamuloli silinalembedwere amayi okha. Komabe khoti silingalamule mlamu kuti azipereka moni m'mawa. Zimenezo zili m'manja mwathu.

Tiyeni tsopano tilowe mumtima mwa bamboyu. Mukakhala naye pansi nthawi yaitali, osafulumira, nkhani ya mvula ndi ya mtengo wa feteleza ikatha, mawu amene amatuluka ndi akuti "ndikanadziwa". Ndikanadziwa, ndikanamutengera kuchipatala tsiku lomwe anayamba kudandaula mutu. Ndikanadziwa, sindikanamukalipira za mbuzi ija. Ndikanadziwa, ndikanamuuza kuti zikomo.

Madandaulo amenewa ali pawiri, ndipo tisawasakanize. Ena ndi onama. Munthu amadziweruza lero ndi nzeru zimene dzulo analibe. Mutu unkawapweteka mayiwo kambirimbiri n'kuchira ndi panado. Ndani akanadziwa kuti ulendo uno ndi wina? Chipatala chili kutali, ndalama ya kabaza panalibe. Wodandaula motere amafunika kumukumbutsa mofatsa zimene anachitadi: usiku umene anagona pabenchi kuchipatala, njinga imene anagulitsa kuti mankhwala apezeke.

Koma ena ndi oona, ndipo amenewa ndi olemera. Kuti tiwamvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Amuna ambiri amene lero ali ndi zaka 70 kapena 80 anakula nthawi imene mwamuna ankasiya banja kukasaka ndalama kutali. Ena anapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, mpaka mu 1974 pamene ndege yonyamula anthu akumigodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma la Kamuzu Banda linaimitsa maulendowa. Maulendowa anayambiranso patapita zaka zochepa kudzera ku bungwe la TEBA, n'kudzatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ena anali ku Zimbabwe, ena kumigodi ya mkuwa ku Zambia, ena m'maesiteti a fodya ndi tiyi konkuno. Ankabwera ndi sutikesi, mabulangete, njinga, wailesi. Mwana amene anamusiya ali kumsana ankabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake, kuopa mlendo. Bambo ankakhala miyezi ingapo, mwana atangoyamba kumuzolowera, n'kunyamukanso.

Ngakhale amene sanapite kulikonse, mtunda unalipo m'nyumba momwemo. Bambo ankadya payekha, mbale zake zovundikira bwino. Mwana ankagwada popereka madzi, n'kuchokapo. Akafuna fizi ankauza mayi, mayi n'kukanena kuchipinda usiku. Akalakwa ankamva kuti, "Dikira abwere abambo ako." Bambo akakondwera kuti mwana wakhoza mayeso, sankamuuza mwanayo. Ankauza mayi, mayi n'kukapereka uthengawo kukhitchini ataukometsera pang'ono.

Ine sindikunena kuti abambo amenewa analibe chikondi. Chikondi chawo chinali fizi, feteleza, malata ndi nsapato za pa Khirisimasi. Anakhetsa thukuta, ena anabwera zifuwa zitawonongeka ndi fumbi la mumgodi. Koma mwana amafunanso kumva ndi khutu, ndipo zomva ndi khutuzo zinkadzera mwa mayi.

Mfundo yathu ya lero ndi imeneyi, ndipo ndiinena pang'onopang'ono kuti isatiphonye. M'mabanja athu ambiri mayi ndiye anali mkhalapakati wa bambo ndi ana. Mayi akatsogola, bambo ndi ana amatsala akuyang'anana, osadziwa poyambira. Ayenera kuphunzira kulankhulana okha, ndipo wina ayenera kuyamba.

Umboni wake uli pafoni. Kumbukirani mmene zinkakhalira mayi ali moyo. Mwaimba kumudzi, ayankha ndi abambo. "Muli bwanji bambo?" "Tili bwino, kaya iwe kumeneko? Ana ali bwanji? Chabwino, dikira ndikupatse amayi ako." Mphindi imodzi sinakwane. Mayi atenga foni, mucheza mpaka mayunitsi kutha. Lero mwaimba, ayankha ndi abambo omwewo. Moni watha, za mvula mwafunsana. Kenako zii. Palibe woti apatsidwe foni. Mwana uja, posowa chonena, amati, "Ndakutumizirani kangachepe pa Mpamba," n'kudula. Mwezi wotsatira amangotumiza ndalamayo osaimba n'komwe, osati chifukwa chowada abambo ake, koma chifukwa choopa zii uja.

(Nyimbo yofatsa, pang'ono)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za abambo achikulire amene akazi awo anamwalira. Tanena kuti mayi ndiye anali mkhalapakati, ndipo iye atachoka, bambo ndi ana ayenera kuphunzira kulankhulana okha. Tsopano tione kuti angayambire pati. Ndiyamba ndi inu ana.

Ndalama tumizani, ndi yofunika. Koma funso lakuti "muli bwanji" lili ndi yankho limodzi lokha kwa bambo wa kwathu kuno. Funsani limene sangaliyankhe ndi "ndili bwino". Lero mwadya chiyani? Waphika ndani? Mapilitsi atsala angati? Ndipo mukapita kumudzi, khalani nawo pakhonde manja ali pantchito, kaya kutong'ola chimanga, kaya kukonza njinga. Amuna ambiri amamasuka pamene simukuyang'anana m'maso. Pamenepo funsani, "Kodi amayi munakumana nawo kuti?" Ambiri timaopa kutchula malemu poganiza kuti tiwakumbutsa chisoni. Sanaiwale. Chimene chimawapweteka n'chakuti aliyense wasiya kuwatchula mayiwo, ngati sanakhaleko.

Pogawana zovala ndi ziwiya za malemu, afunseni abambo chimene akufuna chitsale. Mwina ndi kapu imodzi yokha, mwina mpango umene mayi ankavala popita kutchalitchi. Musawaseke.

Ena mumati, "Tiwatenge abambo azikakhala nafe kutauni." Ndi mtima wabwino, koma yambani mwawafunsa. Kumudzi ali ndi mbuzi zawo, anzawo a bawo, ndi manda a akazi awo. Kutauni amatsala kumpanda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, iwo ndi kanema basi. Ena zimawayanja, ena amangofota.

Nkhani yokwatiranso ndiyo imagawanitsa mabanja ambiri. Ana amapsa mtima: "Amayi sanathe n'chaka chomwe!" Nthawi zina mantha a anawo ndi a katundu, ndipo ndi omveka. Akambidwe poyera, wilo ilembedwe. Koma kawirikawiri mkuluyo sakusaka wolowa m'malo mwa mayi anu. Akuthawa kudya yekha.

Tsopano ndilankhule nanu, abambo anga, inu amene mukumvera muli nokha m'nyumba. Mayi anapita, ndipo zimene simunawauze simungawauzenso. Ndi zowawa, sindikunamizani. Koma ana amene anakuberekerani alipo. Zikomo uja munalephera kuuza mayi awo, auzeni iwowo: "Amayi ako anandisunga bwino." Ngati pali pamene munalakwa, sizifuna kuitanitsa ankhoswe. Mawu ochepa akwanira: "Mwana wanga, tsiku lija ndinakumenya chifukwa cha ng'ombe zija, ndinalakwa." Ulemu wanu suchepa. Mwana wazaka 50, amene naye ali ndi adzukulu, akhoza kukhala akudikirabe mawu amenewo. Afotokozereninso za zaka zija munali kutali. Iwo amangodziwa kuti kunyumba kunalibe bambo. Sadziwa kumene munkagona, zimene munkadya, makalata amene munkalembetsa kwa mnzanu wodziwa kulemba, ndi mmene mtima unkachitira kalata ikachedwa kuyankhidwa.

Ndikudziwa kuti wina akumvera akuti, "Inu simukuwadziwa abambo anga." Zoona. Pali abambo amene ankamwera malipiro onse, amene ankamenya mayi ana akuona, amene anali ndi banja lina kuseri. Imfa ya mayi siifafaniza zimenezo, ndipo pasapezeke wokukakamizani kukhululuka pa tsiku limene wasankha ndi iye. N'zotheka kuonetsetsa kuti mkuluyo akudya ndi kumwa mankhwala pamene bala lanu likadali laliwisi. Koma tsiku lina akayamba yekha kulankhula, mwachibwibwi, mozungulirazungulira, mumvetsereni mpaka amalize. Kwa munthu woleredwa mmene analeredwera iye, kutsegula pakamwa kotero si ntchito yamasewera.

Nanga ife anansi? Amayi ali ndi magulu awo: a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika ndi ena otero. Mnzawo akaferedwa amabwera ndi nkhuni, ufa ndi nyimbo, ndipo amabweranso. Abambofe timapita tsiku la maliro, tikumba, tikwirira, basi tathana nazo. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga moto ukabuka m'dambo momwemo, amazimitsa ndani? Abambo a mumpingo, a kumzikiti, anzake a bawo, pitani patatha mwezi, pitaninso patatha miyezi itatu, nthawi imene ena onse asiya kubwera. Simuyenera kukhala ndi mawu anzeru. Mutengeni mupite naye kudimba.

Chenjezo limodzi pamenepa. Mkulu wotsala yekha nthawi zina amalankhula yekha usiku, amaitana mkazi wake, amalawirira kumanda m'bandakucha. Chimenecho ndi chisoni, ndipo nthawi zina ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba. Si ufiti. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'malamulo a dziko lino kuyambira mu 1911, ndipo okalamba avulazidwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha mphekesera zotere.

Tisanatseke, tikambe za nthawi yofunika chipatala. Chisoni sichitsata ndondomeko. Lero munthu aseka, mawa nyimbo imodzi ya kutchalitchi imufooketsa mawondo. Kumva ngati malemu ali pafupi, kapena kuwalota, n'zochitika kwa oferedwa ambiri. Koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO tsopano limavomereza kuti chisoni chopitirira miyezi isanu ndi umodzi chikadali cholepheretsa munthu kukhala moyo wake, kupyola zimene anthu akwawo amayembekezera kwa namfedwa, ndi matenda ofunika thandizo. Mukaona mkulu akuwonda, sakusamba, wasiya munda, akumwa kachasu kuyambira m'mawa, akugawa katundu wake, kapena akunena kuti "bola ndingowatsatira", musaseke ndipo musamukalipire. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Musamusiye yekha, chotsani pafupi mankhwala a m'munda ndi a makoswe, ndipo pitani naye kuchipatala. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino ndi madokotala oona za matenda a maganizo. Kulinso chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, choncho mawu otere musawatenge ngati zolankhula za ukalamba.

Nthawi yatithera. Ndikusiyirani mafunso awiri oti muwasinkhesinkhe usiku uno. Inu ana, ndi liti munacheza ndi abambo anu mphindi zisanu zathunthu osatchula ndalama? Ndipo inu abambo amene akazi anu ali moyo, mwina ali pambali panu pompano akumvera nawo: mwana akaimba foni mawa, mungathe kucheza naye nokha pang'ono musanaipereke kwa mayi ake?